Mwana wanga walemba "you ate" pansi pa chithunzi changa, kodi akundinena kuti ndine wadyera?

MayiWaAtatu
Abale ndithandizeni, mtima wanga sukukhazikika. Loweruka lapitali tinali ku chinkhoswe cha mwana wa achimwene anga ku Area 25. Ndinasoketsa diresi ya chitenje, telala anandizunguza mwezi wathunthu mpaka inatuluka Lachisanu usiku. Tsiku la chinkhoswe ndinalawirira kumoto, ndinangodya timpunga pang'ono ndili chiimire kenako n'kukavala. Madzulo ake mng'ono wanga anaika zithunzi pa Facebook. Ndiye mwana wanga wamkazi, ali Fomu 3, walemba pansi pa chithunzi changa kuti "Mum you ate and left no crumbs." Ine Chingerezi ndinaphunzira ndipo ndimachigwiritsa ntchito ku ofesi tsiku ndi tsiku. Chimene ndinamva n'chakuti ndinadya osasiya ndi nyenyeswa zomwe. Pamene azilamu anga onse akuwerenga! Ndamulanda foni kuyambira Lamulungu. Iye akulumbira kuti amandiyamikira, koma akayamba kufotokoza misozi ili chuchuchu moti sindikumva bwino. Kodi mawu amenewa ali ndi tanthauzo lina? Nanga awa amalemberana ndi anzake, rizz, no cap, delulu, ndi Chingerezi kapena ndi njira yobisira makolo nkhani?

Ndirande_Finest
Amayi, mubwezereni foni mwanayo lero lomwe. Wakuuzani kuti munatchena koopsa, palibe anakufikani. Palibe chakudya pamenepo.

Chikondi_04
Zoona amayi. "You ate" ndiye kuti chimene munachitacho munachichita bwino zedi, kaya ndi kuvala, kuimba kapena kuvina. "Left no crumbs" akuwonjezera kuti simunasiyeko kanthu koti wina atole, munamaliza nokha. Ife sitimangolemba zimenezi kwa aliyense. Mtsikana wa Fomu 3 kulemba poyera chonchi za mayi ake, anzake akuona, ndiye kuti amakunyadirani kwambiri.

MayiWaAtatu
Mukunena zoona ana inu, kapena mukungoikirana kumbuyo?

Aphunzitsi_aku_Dedza
Mayi, anawa sakukunamizani. Ndaphunzitsa Chingerezi ku sekondale zaka zambiri ndipo mawu amenewa ndimakumana nawo. Anachokera kwa anthu akuda a ku America, m'mipikisano ya zovala ndi kuvina ya ku New York, kenako TikTok inawafalitsa. "No cap" ndi ochokeranso kwa anthu akuda a ku America, anamveka kwambiri kudzera m'nyimbo za ku Atlanta. "Cap" pamenepo si chipewa, ndi bodza, choncho "no cap" ndiye kuti sindikunama, monga ife timanenera kuti zoonadi, kapena kulumbira kuti pali Mulungu. "Delulu" adula ku "delusional", munthu amene akudzinamiza yekha, monga mtsikana amene akukhulupirira kuti woimba wotchuka wa kunja adzamukwatira. "Rizz" ndi luso lokopa munthu ndi pakamwa, makamaka pofunsira. A Oxford, olemba dikishonale a ku England, anawasankha kukhala mawu a chaka cha 2023, ndipo anafotokoza kuti akuoneka kuti anadulidwa pakati pa mawu akuti "charisma", monga momwe "fridge" anatulukira pakati pa "refrigerator" ndi "flu" pakati pa "influenza". Koma ndikuuzeninso, mayi, kuti kukhumudwa kwanu kunali ndi maziko. Azilamu anu anawerenga zimene inu munawerenga. Mwanayo ayenera kuphunzira kuti mawu amene amamveka pakati pa anzake sangamveke chimodzimodzi pakati pa azakhali ake.

Mkulu_wa_Kale
Ine ndikukana. Chimenechi si Chingerezi, ndi kuononga chiyankhulo cha eni ake. Ife m'masiku athu ukalemba ngakhale "gonna" aphunzitsi ankazunguliza ndi cholembera chofiira mpaka pepala kubooka. Lero mwana sangalembe kalata yofunsira ntchito koma rizz akuidziwa. Ndipo a Oxford amene mukuwatchulawo atikhumudwitsa, akungofuna kusangalatsa ana.

Ndirande_Finest
Bambo, ndiye eni akewo ndi amene akuyankhula chonchi. Ife tikungotengera.

Mkulu_wa_Kale
Mwana wanga, si aliyense wobadwira ku England amene amayankhula bwino. Ngakhale kwathu kuno alipo Achewa amene Chichewa chawo n'chopotoka.

WokondaMabuku
Bambo Mkulu_wa_Kale, ndi ulemu wonse, ndiloleni nditsutsane nanu pa nkhani ya dikishonale. Ntchito ya anthu amene amalemba mabuku amenewa si kupereka chilolezo kwa mawu. Iwo amasonkhanitsa zimene anthu akulemba ndi kuyankhula, mawu akafala n'kukhalitsa amawalemba pamodzi ndi tanthauzo lake. Kusankha mawu a chaka sikutanthauza kuti akuwavomereza kulowa m'kalata ya kwa bwana, akungosonyeza zimene zinali pakamwa pa anthu chaka chimenecho. Mu 2013 anasankha "selfie", ndipo anapeza kuti munthu woyamba kudziwika kuwalemba anali wa ku Australia mu 2002. Lero ndi agogo omwe amati tijambule selfie. Mu 2024 anasankha "brain rot", kufooka kwa nzeru chifukwa chokhalira kuonera zinthu zachabechabe pa foni. Anthu ankaganiza kuti ndi mawu a ana a TikTok, koma mlembi wa ku America, Henry David Thoreau, anawalemba kale mu 1854.

Ndipo mawu amene inu mumawatenga kuti ndi Chingerezi chenicheni nawonso anayenda ulendo womwewu. "Nice" kalekale ankatanthauza chitsiru, anachokera ku mawu a Chilatini otanthauza wosadziwa. "Silly" ankatanthauza wodala. "OK" amene mumalemba tsiku lililonse anayamba ngati nthabwala m'nyuzipepala ya ku Boston mu 1839, pomwe analemba dala molakwika "all correct" kukhala "oll korrect". Akanakhalapo aphunzitsi anu a cholembera chofiira aja, akanazungulizanso pamenepo.

Mkulu_wa_Kale
Za "OK" zija ndaphunzirapo, zikomo. Koma mfundo yanga ikadalipo. Mawu amene apirira zaka zoposa 100 ndi osiyana ndi awa omera m'mawa n'kufota madzulo.

WokondaMabuku
Pamenepo tikugwirizana. Ambiri amafa msanga. Ana omwewa akakumvani mukunena "YOLO" kapena "on fleek" lero akuuzani kuti zimenezo n'zamakedzana, chonsecho sipanapite nthawi yaitali.

Namwino_ku_Leeds
Amayi, nkhani yanu yandikhudza chifukwa ine zinandichitikira ndili wamkulu kale. Nditangofika kuno ku UK kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, aliyense ndikakumana naye m'kanjira ka m'nyumbamo ankandifunsa kuti "You alright?" Tsiku loyamba anandifunsa anthu asanu. Ndinalowa kubafa kukadziyang'ana pagalasi, ndimati mwina maso afiira kapena ndikuoneka wodwala. Tsiku lina ndinaima n'kuyamba kumufotokozera mnzanga za kuzizira ndi kusowa tulo, iye ali kale pakhomo lachitatu. Kunali kungopereka moni basi, monga ife timati zikuyenda? Gogo wina amene ndinkamusambitsa anandiuza kuti "I'm knackered" ndipo ndinathamanga kukaitana wamkulu wathu poganiza kuti wagwa kapena wavulala. Ankangonena kuti watopa. Ndipo akati "tea" madzulo kuno kumpoto kwa England akunena chakudya chamadzulo, osati tiyi wa m'kapu. Zonsezi sizinali m'buku lililonse limene ndinawerenga pokonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS, ndipo mayesowo ndinakhoza bwino.

Wa_ku_Joni
Achemwali a ku Leeds, kuno ku Johannesburg ndi "just now". Bwana atandiuza kuti "I'll pay you just now" ndinaima pageti kudikira mpaka dzuwa kupendeka. Kuno "just now" ndiye kuti nthawi ina, mwina madzulo mwina mawa. Akafuna kunena kuti posachedwapa amati "now-now". Ndi ana anga obadwira kuno ndimasemphana nawo chimodzimodzi ngati amayi ayambitsa nkhaniwa.

Namwino_ku_Leeds
Ndipo nafenso tili ndi zathu zimene zimawazunguza iwo. Munthu akapunthwa ine pakamwa pamangotuluka "sorry", iye n'kundiyankha kuti si vuto lako. Ine ndikunena pepani wa kwathu, womvera chisoni, iye akumva kuti ndikuvomera mlandu. Komanso potuluka m'chipinda ndinkati "I'm coming", iwo n'kudabwa kuti ukubwera bwanji pamene ukupita. Ndi "ndikubwera" wathu uja wavala Chingerezi.

Chipata_Boy
Ku Zambia nako ni chimodzimodzi, "I'm coming" munthu ali kuyenda. Na maroboti a pamsewu, kwa azungu roboti ni makina yokhala monga munthu.

MlimiWaFodya
Koma abale, zonsezi n'chifukwa chakuti ana athu tawataya tokha. Sukulu zina za pulaiveti mwana akayankhula Chichewa amamulanga, ena mpaka kumulipiritsa. Mdzukulu wanga anabwera kumudzi pa holide, agogo ake aakazi anamutuma kuti akatenge chipande, iye anangoima kukamwa yasa. Mthiko sakuudziwa, lichero sakulidziwa. Koma rizz yomweyo akuidziwa. Ife tikulimbana ndi Chingerezi cha ana pamene Chichewa chikutha m'nyumba mwathu.

Chikondi_04
Agogo, si tonse. Ine chipande ndimachidziwa ndipo nsima ndimaomola ndekha. Munthu angathe kudziwa zonse ziwiri.

MlimiWaFodya
Ukhale choncho mwana wanga, uwaphunzitsenso anzako.

Ndirande_Finest
Komanso Chichewa chimene mukuti chikuthacho nachonso chimameza mawu a Chingerezi n'kuwasandutsa ake. Zikundibowa anachokera ku "bore". Geni ndi "gain". Shapu ndi "sharp". Aise ndi "I say". Kutchaja, kuflasha, kuposta, zonsezi timangoika ku- kutsogolo basi zatheka. Amayi anga amati ndikupita ku geni ndipo sanaganizepo kuti akuyankhula Chingerezi.

Aphunzitsi_aku_Dedza
Mnyamata wa ku Ndirande wanena mfundo yabwino, ndipo Chingerezi chimachitanso zomwezo m'njira yake. Chimatenga dzina n'kuligwiritsa ntchito ngati mneni popanda kusintha kanthu. Google ndi dzina la kampani koma anthu amati "google it". "Ghost" ndi mzukwa, koma "he ghosted me" ndiye kuti munthu amene mumacheza naye wangosowa zii, sakuyankha mauthenga, sakuyankha foni, osatsanzika. Ife timafunika ku- kuti dzina lisanduke mneni, iwo amangolisuntha malo m'chiganizo.

Fomu4_Candidate
Aphunzitsi, poti mwafika pa galamala, ndithandizeniko. Ndikulemba MSCE chaka chino ndipo gerund ndi present participle zimandisokoneza. Zonse zimathera ndi -ing. Ndingazisiyanitse bwanji? Pepani amayi ndalowetsa nkhani ina.

MayiWaAtatu
Funsa mwana wanga, nanenso ndikuphunzira nawo.

Aphunzitsi_aku_Dedza
Funso labwino, ndipo yankho lake uli nalo kale m'Chichewa. Kumbukira gulu la mayina oyamba ndi ku- ochokera ku aneni: kudya, kuimba, kusambira. Ukati "Kusambira n'kwabwino", mawu akuti kusambira akugwira ntchito ya dzina, ndiwo mwininkhani, n'chifukwa chake mgwirizanitsi wake ndi kwa-. Imeneyo ndiyo gerund: "Swimming is good." Ukati "Ndimakonda kusambira", ndi dzinabe, koma tsopano ndi pamtherankhani: "I like swimming." Koma ukati "Mwana akusambira", ukunena zimene mwana akuchita, ndi mneni: "The child is swimming." Pamenepo "swimming" ndi present participle, ikugwira ntchito pamodzi ndi mneni wothandiza "is". Participle imathanso kukhala mfotokozi, monga mu "a crying child", mwana wolira.

Njira yoyesera m'chipinda cha mayeso ndi iyi: chotsa mawu a -ing aja uikepo dzina wamba, monga "football". "Football is good" zikumveka, "I like football" zikumveka, ndiye kuti inali gerund. "The child is football" sizikumveka, ndiye kuti inali participle. Chinanso, mneni akabwera pambuyo pa mperekezi amakhala gerund nthawi zonse. N'chifukwa chake timalemba "I look forward to hearing from you", osati "to hear", poti "to" pamenepo ndi mperekezi. Cholakwa chimenechi ndimachiona ngakhale m'makalata a anthu a madigiri.

Fomu4_Candidate
Aphunzitsi, miyezi yonseyi ndakhala ndikuloweza matanthauzo osamva kanthu. Za football zija zandilowa nthawi imodzi. Mulungu akudalitseni. Nanga question tag? Ine ndimangoika "isn't it" paliponse.

Aphunzitsi_aku_Dedza
Umaika paliponse chifukwa m'mutu mwako muli "eti?" kapena "si choncho?", amene sasintha kaya chiganizo chikhale chotani. Chingerezi cha mayeso chimafuna ubwereze mneni wothandiza wa m'chiganizocho n'kumutembenuza. "She can cook, can't she?" "They didn't come, did they?" Ngati mulibe mneni wothandiza, bwereka "do": "He sells fish, doesn't he?" Kumene ana ambiri amagwa ndi apa: "I am late, aren't I?" ndi "Let's go, shall we?" Uziloweze ziwirizi. Ndipo usamale, chifukwa popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE siituluka ngakhale maphunziro enawo utakhoza bwanji.

Namwino_ku_Leeds
Aphunzitsi, chodabwitsa n'chakuti achinyamata a kuno ali ndi "eti" wawo. Amati "innit", kudula "isn't it", ndipo ambiri amangoika paliponse ngati momwe mwanayu akuchitira. "We're going tomorrow, innit."

Aphunzitsi_aku_Dedza
N'zoona achemwali, koma a MANEB sakhala ku Leeds. Mwana wanga wa Fomu 4, za innit uzisiye panja pa chipinda cha mayeso.

Mkulu_wa_Kale
Apa ndiye aphunzitsi mwayankhula. Zimene ndimanena ine n'zomwezo.

WokondaMabuku
Poti tili pa mayina a galamala, pali lina limene limakhudza mawu opeka amene amayi afunsa. Mawu awiri akaphatikizidwa kukhala amodzi, Angerezi amawatcha portmanteau. Poyamba limeneli linali dzina la sutukesi yotseguka mbali ziwiri. Mlembi wa ku England, Lewis Carroll, ndiye analigwiritsa ntchito pa mawu mu 1871, pofotokoza kuti matanthauzo awiri alongedzedwa m'chikwama chimodzi. Iye yemweyo anapeka "chortle" kuchokera ku "chuckle" ndi "snort", ndipo lero ali m'dikishonale ngati mawu ena onse. "Smog" ndi "smoke" ndi "fog", utsi wosakanikirana ndi nkhungu umene unkavutitsa London. "Brunch" ndi "breakfast" ndi "lunch". "Motel" ndi "motor" ndi "hotel". Ndiye ana akamati "hangry", munthu wokwiya chifukwa cha njala, kapena "situationship", chibwenzi chosadziwika mutu wake chimene eni ake safuna kuchitcha chibwenzi, akutsata njira yakale yomweyo.

Ndipo khomo limeneli si la azungu okha. Mu 2020 dikishonale yaikulu ya Oxford inalowetsa mawu a Chingerezi cha ku Nigeria, kuphatikizapo "okada", amene ndi kabaza wa njinga yamoto, ndi "next tomorrow", kutanthauza mkuja. Analowa chifukwa anthu a ku Nigeria amawalemba m'nyuzipepala ndi m'mabuku awo mosachita manyazi.

Wa_ku_Joni
Ndiye kabaza ndi ganyu nazonso zingalowe tikamazilemba?

WokondaMabuku
Njira yake ndi yomweyo achimwene, umboni wolembedwa wa zaka zambiri.

Nachisale_BT
Ine ndili ndi dandaulo lina pa mawu amenewa. Pali ena amene si a macheza, ndi olemera, koma ana akuwapeputsa. Mwana wanga ndikamuuza kuti sunatsuke mbale, iye akuti "you are gaslighting me". Ndinakafufuza. Mawuwa anachokera ku sewero la ku Britain la mu 1938 lotchedwa Gas Light, lolembedwa ndi Patrick Hamilton, m'mene mwamuna amachititsa mkazi wake kukhulupirira kuti akupenga. Nyali za gasi m'nyumbamo zinkachepa kuwala, mkazi akanena, ankauzidwa kuti ndi maganizo ake chabe. Ndiye gaslighting ndi nkhanza yeniyeni, kumupotoza munthu mpaka asiye kukhulupirira maso ake ndi chikumbumtima chake. A Merriam-Webster, olemba dikishonale a ku America, anawasankha kukhala mawu a chaka cha 2022. Ndili ndi mchemwali wanga amene anakhala m'banja lotero zaka zambiri. Mwamuna ankabisa ndalama pamalo ena n'kumuuza kuti wataya yekha, ankakana mawu amene wanena dzulo lake pamaso pa ana, mpaka mchemwali wangayo anayamba kulemba zonse m'kope kuti atsimikize kuti mutu wake uli bwino. Tsiku limene anamva kuti khalidweli lili ndi dzina analira, chifukwa anadziwa kuti si iye yekha. Ndiye zimandipweteka kumva mawu omwewo akugwiritsidwa ntchito pa mbale zosatsuka. N'chimodzimodzi ndi "trauma" ndi "toxic", chilichonse chosawasangalatsa akuchitcha choncho.

Chikondi_04
Amayi, apa sindingatsutse. Ifenso timadziwa kuti ena amawonjeza. Pepani chifukwa cha achemwali anu, ndikhulupirira ali bwino tsopano.

Nachisale_BT
Ali bwino mwana wanga, anachokako ndipo akuchita geni yake ku Limbe.

Mkulu_wa_Kale
Mayi Nachisale, mwanena zimene zinali mumtima mwanga koma ndinalibe chitsanzo. Chimodzimodzi "literally". Mdzukulu wanga amati "I literally died" ali moyo akudya chimanga chootcha patsogolo panga.

WokondaMabuku
Bambo, nafenso timati ndafa ndi njala, ndafa nako kuseka, ndipo palibe amaitana anthu a kumanda. Koma za gaslighting ndili mbali ya mayi Nachisale.

MayiWaAtatu
Abale, ndabwerera. Nditaweruka ndinamuitana mwanayo kuchipinda, ndinamuwerengera zimene mwalemba, makamaka za aphunzitsi ndi za Chikondi_04. Ndamubwezera foni ndipo ndamupepesa. Anandikumbatira nthawi yaitali, kenako anandionetsa kuti chithunzi chomwecho anachiika pa WhatsApp status tsiku lomwelo, anzake n'kumayankha kuti mayi ako ndi okongola. Masiku atatu onsewa ine ndimamuyang'ana ndi diso loipa. Ndamuuzanso zimene ananena aphunzitsi za azakhali ake, ndipo wakalemba pansi pake m'Chichewa kuti "Amayi munatchena, ndimakunyadirani." Alamu anga aakulu, amene anali atandiimbira Lamulungu kufunsa kuti mwanayu walowa chiyani, ayankha ndi kachizindikiro ka mtima wofiira kosonyeza chikondi.

Koma ndili ndi funso lina. Mchimwene wake wamng'ono, wa Sitandade 7, dzulo atalawa ndiwo za nyemba ananena kuti "mid". Mlongo wake anamutsina. Ameneyu nayenso amayamikira?

Ndirande_Finest
Ayi amayi, ameneyo sanayamikire. "Mid" ndiye kuti zapakatikati, sizoipa koma sizokomanso. Mlongo wakeyo anamutsina pokutetezani inu.

MayiWaAtatu
Chabwino. Nyemba za mawa aphika yekha, mlongo wake amuonetsa posonkha moto.